Nyerere za m'Munda mwa Nabanda

Loweruka, 18 Januwale

Ndadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku la mayeso, chonsecho lero kulibe sukulu. Chifukwa chake ndi munda wa agogo.

Ndilembe bwinobwino kuti ndisadzaiwale. Chaka chino mbozi zija timati ntchembere zandonda zagwa m'chimanga kuno ku Bowe konse. Masamba ali mabowo okhaokha ngati sefa, ndipo ukasuzumira kumtima kwa chimanga, kumene kumatulukira masamba atsopano, umapeza zitosi zonga utuchi, mbozi ili phee pansi pake. Aliyense akupopera mankhwala. Agogo aamuna, bambo awo a amayi anga, akana. Iwo akuwiritsa usipa, kuthiramo shuga pang'ono, n'kumadontheza msuziwo kumtima kwa phesi lililonse. Akuti fungo lake limaitana nyerere, ndipo nyererezo zikakwera zimapeza mbozi n'kuzikokera pansi. Pamjigo amayi akuseka. Dzulo madzulo ndinamva wina akuti, "Mdala uja wayamba kudyetsa chimanga ndiwo. Mawa tidzamva kuti wachigulira bulangete."

Amene zawapweteka kwambiri ndi a malume a Yotamu, mwana woyamba wa agogo, poti iwo ndi mkulu wa mpingo ndipo safuna kuti banja lathu likhale choseketsa. Anatumiza mawu kuti lero abwera ndi mpope kudzapopera munda wonse, ndipo kuyambira pamenepo mundawo aziyang'anira ndi iwo. Mphamvu ali nazo. Munda ndi wa malemu agogo aakazi, a Nabanda, ndiye kuti ndi wa mbumba yathu, ndipo mwini mbumba ndi a malume. Agogo aamuna anachita kubwera kuchokera ku Ntchisi kudzakwatira kuno. Ngakhale akhala pano zaka zoposa makumi asanu, pa mwambo wathu akadali mkamwini. Anauza amayi kuti akalandidwa mundawo palibenso chowakhalitsa pano, abwerera kwawo ku Kasakula, kumene owadziwa onse ali kumanda. Ine sindikufuna kuti apite.

Dzuwa lisanatuluke anatiitana atatu, ine, mng'ono wanga Yankho, ndi Esinati, mwana wa a malume amene anagona kwathu.

"Tiyamike, tenga kope lako ndi cholembera," anatero. "Yankho, nyamula mkeka. Esinati, kampando kanga. Lero ndikuuzani mbiri ya moyo wanga, poti sindikudziwa kuti ndatsala ndi mvula zingati."

Tinkayesa tikakhala pakhonde. Ayi ndithu. Anatitsogolera, thumba lili paphewa, mpaka pakati penipeni pa munda pamene pali kachulu, natiuza kuti tiyale mkeka pomwepo. Chimanga chinkatilekeza m'chiuno. Anakhala pansi, kutsokomola kawiri, n'kuyamba. Ndalemba monga momwe dzanja langa linathera kuthamanga.

"Ana inu mumayesa mphuno ndi yotulutsira mamina basi. Ife tinakula tikudziwa kuti tchire limayankhula ndi fungo, ndipo wosamva chiyankhulo chimenecho ankalira. Ndili msinkhu wa Yankho ndinkaweta mbuzi za a malume anga kumapiri a ku Ntchisi, kuseri kwa Kasakula. Nthawi imeneyo mitengo inali yothithikana, osati lero pamene mungawerenge mbuzi zili kuphiri inu muli pakhomo. Nsapato tinalibe. Wolemera anali ndi nkhwayira za tayala, nazonso ankazinyamula m'manja n'kukavalira pakhomo pa tchalitchi. Nkhomaliro yathu inali masuku ndi nthudza, kapena mbewa ngati mwayi wakugwera. Inu lero mukapanda kudya zigege mumati kunyumba kuli njala.

"Tsiku lina ndikubwerera nazo kukhola, tinafika pakhwawa limene tinkadutsa masiku onse. Mbuzi zinangoima. Yaikazi yaikulu imene inkatsogolera zinzake, ili ndi bere, inatukula mphuno, makutu ali njo, n'kuyamba kupuma mwaukali ikumenya pansi ndi mwendo. Ine ndinayang'ana, osaona kanthu. Ndinamvetsera, kuli zii. Koma njala inali itandipweteka, ndipo njira yozungulira inali yaitali. Ndinathyola kamtengo n'kuzikwapula mpaka zinatsetsereka. Tisanatulukire tsidya lina ndinangoona udzu ukugona, kenaka chinthu chamawanga chili pakhosi pa mbuzi ija. Nyalugwe, ana inu! Ndinathawa mpaka kabudula anatsala pachitsamba.

"Musaseke, Yankho, anali kabudula mmodzi yekhayo. A malume anga sanandimenye. Bola akanandimenya. M'mawa mwake ananditengera pakhwawa paja, nandigwaditsa patsinde pa mtengo pamene chilombocho chinkakodzera, nati, 'Nunkhiza. Kalata iyi mbuzi inawerenga dzulo, iwe wa Sitandade Wani unalephera.' Mpaka lero fungo limenelo ndikhoza kulizindikira nditatseka maso."

"Linkanunkha bwanji, agogo?" anafunsa Yankho.

"Ngati nsapato za bambo ake a Esinati akangovula."

Tikuseka choncho, chimanga chinagwedera, a malume n'kutulukira, mpope uli kumsana, atavala magambuti.

"Mwadzuka bwanji, Ababa?"

"Ndadzuka, kaya iwe, Yotamu?"

"Ndadzuka. Chotsani anawa m'munda, ndikufuna ndiyambe dzuwa lisanakwere. Mankhwala ndasungunula kale."

"Ndikuyankhula ndi adzukulu anga. Ndikamaliza tichoka."

"Kukamalizira kunyumba sikungatheke?"

"Nkhani ya munda imakambidwa m'munda. Kapena kumpingo kwanuko munthu akamapemphera mumamudula pakati?"

A malume anayang'ana kumwamba. "Esinati, tiye kuno."

"Esinati ndiye wagwira ndodo yanga," anatero agogo. "Ukamutenga ndidzuka bwanji?"

Palibe mwana wobadwa bwino amene angakoke bambo ake pamkono anthu akuona, ndipo palibe amene angapopere mankhwala ana atakhala pansi pomwepo. A malume anatula mpope, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango wa m'malire, pamene ankatha kumva zonse. Agogo anakonza kampando kawo n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

"Ndinalekera pati? Eya, kubwera kwanga kuno. Ndinabwera wapansi, masiku awiri, mbatata zootcha zili m'thumba, khasu paphewa. Inu lero kuchoka pano kupita ku Chisepo mumadikira njinga yamoto mpaka dzuwa kupendeka. Ndinabwera kudzagwira ganyu yosoka fodya, ndipo m'chigafa momwemo ndinapeza mtsikana wamfupi ngati Esinati, koma pakamwa ngati tsabola wa kambuzi. Tsiku loyamba anandiyang'ana nati, 'Anthu a ku Ntchisi mumasoka fodya ngati mukumanga mtolo wa nkhuni.' Ndinadziwiratu kuti kwathu sindibwereranso. Ameneyo ndiye Nabanda, agogo anu.

"Chikamwini cha masiku amenewo si cha lero, pamene mnyamata amangobwera ndi foni ndi wailesi. Apongozi ankakuyesa. Ine anandipatsa kamunda ka m'mphepete mwa njira imene mbuzi za mudzi wonse zinkadutsa, nati ndilimemo mbatata. Ankadziwa chimene ankachita. Akamwini awiri anali atalephera kale pamenepo. Ndinabzala, kholowa n'kuphuka bwino, mbuzi n'kumeta. Ndinamanga mpanda, n'kuthyola. Nabanda anati, 'Ngati mbuzi zakukanikani, ine mudzandikwanitsa?'

"Ndipamene ndinakumbukira khwawa lija. Ndinakwera kuphiri kukafuna ndowe za fisi. Simuzidziwa inu, n'zoyera ngati laimu chifukwa cha mafupa amene amatafuna. Ndinatola zodzaza chipewa, kusinja, kuviika mumphika wakale, n'kuwaza madziwo kuzungulira kamunda konse. Mukanaona, ana inu! Mbuzi zinkabwera chothamanga, zikafika pamalire zinkaima ngati zagunda khoma, n'kutembenuka michira ili m'mwamba. Fisi sizinamuone. Zina mwa izo zinali zisanamuonepo chibadwire. Koma mphuno inkaziuza kuti mwini malo ano amadya mbuzi. Vuto lake mvula ikagwa fungo limatha, umayenera kukweranso phiri. Ndinakwera kasanu chaka chimenecho.

"Ndiye mudzi unayamba kunong'ona. Akuti mkamwini wa ku Ntchisi ndi wokhwima, watchinga munda ndi zitsamba. Amayi ankabisa ana ndikamadutsa. Apongozi anaitanitsa akuluakulu a pabanja kuti ndifotokoze. Ine mkamwini, maso ali pansi. Nabanda anadzuka osapempha chilolezo, kukatenga mphika uja, n'kumauyendetsa pamphuno pa aliyense. 'Ufiti wake ndi umenewu, nunkhizani. Amene akuufuna akwere phiri.' Azakhali ake anasanza pomwepo. Mlandu unathera pamenepo, ndipo mbatata tinadya mpaka Okotobala. Ndiye musayese kuti kusekedwa ndayamba lero. Anthu a pamjigo achedwa, ndinasekedwa kale ndi agogo awo."

Dzuwa linali litakwera, Yankho n'kuyamba kudandaula njala. Agogo anamasula thumba lija. Munali zigumu, mango, mtedza wokazinga ndi botolo lalikulu la thobwa, zokwanira anthu anayi mpaka madzulo. Ndipamene ndinazindikira. Munthu wongofuna kukamba nkhani sanyamula kamba wa tsiku lonse. Agogo anabwera kudzakhala m'mundamo kuti mpope usalowe, ndipo ife tinali mpanda wawo. Ndinawayang'ana, iwo n'kunditsinzinira diso limodzi. Kenaka anatuma Esinati kuti akapereke chigumu kwa bambo ake. A malume anakana, koma Esinati atabwerera ndinawaona akudya.

"Tsopano za msuzi wa usipa," anatero agogo, akupukuta pakamwa. "Zimenezi si nzeru zanga, n'za Nabanda. Lemba choncho, Tiyamike, asadzandinamizire. Kale mbozi imene inkativuta inali kapuchi, uja amaboola phesi. Usipa unkabwera ndi anthu a njinga ochokera kunyanja, atakwera nawo mapiri onse aja, m'madengu akuluakulu. Nabanda akaviika usipa kuti achotse mchenga, madziwo ankakhuthulira pa chimanga cha kuseri kwa khitchini. Chaka china kapuchi anavuta dera lonse, koma chimanga cha kuseri kwa khitchini chinaima chobiriwira. Wina akanati ndi mwayi. Iye anagwada pansi theka la tsiku, madzi pamoto mpaka kuphwa, akuyang'ana nyerere zikukwera phesi zopanda kanthu n'kumatsika zitasenza mbozi. Atadzuka anati, 'Ndapeza aganyu osafuna malipiro, amangofuna fungo la ndiwo.'

"Kuyambira pamenepo ankapempha zinyenyeswa za pansi pa dengu ndi mitu ya usipa, kuwiritsa, n'kumayenda mzere ndi mzere ndi chikho chobooka kunsi. Ine lero ndikugwiritsa ntchito botolo la pulasitiki loboola chitsekerero, koma ntchito ndi yomweyo. Chimanga chimenecho ndi chimene chinameretsa mano a mkulu wa mpingo wakhala apoyo."

A malume ankabudula udzu.

"Koma ndisadziyeretse. Amene anayamba kupha nyerere m'munda muno ndine. Chaka china fodya anatuluka bwino, ine mutu n'kukula. Ndinagula wailesi, ndinagula jekete, ndinagulanso mankhwala a ufa woyera amene aliyense ankawatama. Ndinkachita manyazi kuti mkazi wanga akuyenda ndi chikho cha msuzi ngati osauka. Nabanda atapita kumaliro ku Chisepo, masiku atatu, ine ndinawaza munda wonse, mowolowa manja, kuposa muyezo umene anandiuza. Ndisaname, mbozi zinafa. Zinafa zonse. Ndinayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo.

"Iye atabwera sanafikire kunyumba. Anafikira kumunda, poti anamva fungo ali kunjira. Anagwada pamzere, kufukula dothi ndi chala, apa, apo, uko. Nyerere ngakhale imodzi. Akangaude kulibe. Nkhuku zathu ziwiri zimene zinatola mbozi zakufazo zinali gone kuseri kwa nkhokwe. Anandiyang'ana nati, 'Mwapha wakuba pamodzi ndi mlonda. Wakuba ali ndi abale ake. Mlonda mumupeza kuti?' Patapita masabata atatu abale a wakuba anabweradi, n'kupeza khomo lili pululu. Chaka chimenecho nkhokwe sinafike ndi theka lomwe. Mwezi wathunthu ndinadya ndiwo zopanda mchere, ndipo ndikafunsa ankati, 'Thiranimo ufa wanu uja.'

"Zinatenga mvula zitatu kuti nyerere zibwerere. Iye ankachita kuzinyengerera, kuthira msuzi pachulu ichi, kusiya mapesi kuti aolere m'munda osatentha. Pomwalira sanandilumbiritse chilichonse, musayese ngati za m'mafilimu anu. Koma nyerere zili pansi pa mkeka mwakhalirawu ndi zidzukulu za zimene iye anabweza ndi chikho chake. Ndinazipha kamodzi. Kachiwiri ayi. Amene akufuna kuzipha ayambe wapopera ine."

Apa ine sindinathe kukhala chete. Ndinawauza zimene aphunzitsi athu a zaulimi anatiphunzitsa teremu yatha, kuti chimanga chikalumidwa ndi mbozi chimatulutsa fungo, ndipo fungolo limaitana timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi la mbozi, mboziyo n'kufa. Ndinawauzanso za msampha umene uli m'munda wa sukulu, kachidebe kolendewera pamtengo. M'kati mwake muli kamphira kokhala ndi fungo la gulugufe wamkazi, mayi wa mbozizi, ndipo agulugufe aamuna amabwera kuchokera kutali n'kugweramo.

"Wamkaziyo mulibemo?" anafunsa agogo.

"Mulibe, ndi fungo chabe."

"Ndiye amangogweramo?"

"Amadzaza, agogo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Amuna ndife amodzi, ngakhale a mapiko omwe!" Kenaka anakweza mawu. "Wamva, Yotamu? Chimanga chimakuwa, ndipo alipo amene amayankha. Zili m'buku la Fomu Fili, si za mdala wopenga!"

A malume anadzuka n'kubwera. Sanakalipe, ndipo zimene ananena ndazilemba zonse chifukwa zinandilasa.

"Ababa, ine sindikunyoza amayi. Koma mbozi izi si kapuchi wa nthawi yawo. Izi n'zachilendo, zimatha munda pa sabata imodzi. Ndaona ndi maso anga kwa anzathu kumunsiku, atsala ndi ndodo zokhazokha. Munda uwu ukudyetsa inu, mlongo wanga, ndi ana awa mwawayala pamkekawa. Inu mukalakwitsa, amene adzagone ndi njala mu Febuluwale wa chaka chamawa ndi Yankho. Ndipo anthu sadzafunsa inu. Adzafunsa ine, kuti mwini mbumba unali kuti?"

Agogo anati, "Sankha phesi."

A malume analowera kumtunda, nagwira phesi limodzi n'kutambasula masamba a kumtima. Tonse tinathamangira. Munali nyerere zakuda zili piringupiringu, ndipo mbozi inali itatsala chikopa chokha. Anatsegula lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu munalibe mbozi ndi pang'ono pomwe, masamba atsopano akutuluka osabooka. Esinati anayamba kuvina. Bambo ake anatembenuka n'kutsetserekera kumunsi, kumbali ya dambo, nafe tikuwatsata. Phesi loyamba limene anatsegula kumeneko munali chimbozi chonenepa ngati chala changa chapakati, chamoyo, chikutafuna. Lachiwiri munali ziwiri.

"Mwaona?" anatero a malume, atachiika pachikhatho.

"Kumeneko sindinafike," anayankha agogo. "Usipa unandithera Lachinayi."

"Mbozi sizidikira tsiku la msika, Ababa."

Ndinaona nkhope ya agogo ikugwa, ndipo kwa nthawi yoyamba lero anaoneka okalamba. A malume analunjika kumene anasiya mpope. Ali m'kati momanga malamba, mphepo yozizira inawomba kuchokera kumapiri a ku Ntchisi, chimanga chonse n'kuwerama. Kumwamba kunali kutada kale, ife osaona chifukwa maso anali pa mbozi. Madontho oyamba anagwa pa kope langa, ndinachita kulibisa m'bulauzi. Aliyense amadziwa kuti kupopera mvula ikugwa n'kutaya mankhwala.

A malume anaima mvula ikuwamenya, akuyang'ana bambo awo.

"Mwandichedwetsa dala."

"Ine ndimangokamba nkhani. Mvula si yanga."

"Chabwino. Ndibwera mawa."

"Mawa ndi Sabata, a mkulu wa mpingo. Mukufuna anthu akuoneni ndi mpope kumsana belu likulira?"

Ndinayesa a malume aphulika. Koma anangopukusa mutu, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinaona kukamwa kwawo kukufuna kuseka.

"Lolemba mamawa," anatero. "Ndidzatsegula mapesi khumi kumunsi kuno, wosankha ndine. Ndikadzapeza mbozi zamoyo m'mapesi oposa atatu, ndipopera munda wonse ndipo nkhani yatha, musadzabwerenso ndi mkeka."

"Ukapanda kupeza?"

"Munda mulima inu mpaka Mulungu adzakuitaneni. Ndidzanena pamaso pa mbumba yonse."

"Tiyamike, walemba?"

"Ndilemba kunyumba, agogo, kope linyowa."

"Ulembe ndi zilembo zazikulu."

Tinabwerera titanyowa chonyowa, agogo ali pakati, ine ndi Esinati titawagwira uku ndi uku. Panjira sanaseke ngakhale kamodzi. Titafika, amayi anawafunditsa bulangete n'kuwapatsa tiyi, akuwakalipira ngati mwana. Amayi atatuluka, agogo anandikodola.

"Ndagula masiku awiri ndi pakamwa," anatero motsitsa mawu, "koma pakamwa sipathira msuzi. Usipa ndilibe, wogulitsa sangabwere ndi matope awa, ndipo msika ndi Lachiwiri. Ngakhale ukanakhalapo, mizere ya kumunsi ndi makumi awiri ndi isanu. Miyendo iyi lero yatha."

"Nyerere zingathe ntchito tsiku limodzi ndi usiku umodzi?"

"Zikaitanidwa m'mawa, zimatha. Zikapanda kuitanidwa, zidziwa bwanji?"

Ndikulemba izi pakhonde mvula itakata, kunja kusanade. Ndaganiza kwambiri. Mwina a malume akunena zoona, ndipo Lolemba tidzachita manyazi. Chimbozi chija ndachiona ndi maso anga. Koma ndaonanso mapesi atatu a kumtunda, ndipo sindingalole kuti agogo agonje chifukwa chosowa nsomba, pamene nzeru yawo sinayesedwe n'komwe mbali imeneyo.

Usipa ulipo m'nyumba muno. Pakati pa sabata ndimakhala ku Chisepo pafupi ndi sekondale yathu, kumene ndimadziphikira ndekha, ndipo amayi andimangira kale kajumbo ka usipa ka ndiwo za masabata awiri, pamodzi ndi kashuga ka phala. Ndawapempha. Poyamba anakana, akuti ndikadya chiyani, ndiponso akuti mawa si tsiku logwira ntchito. Ndinawafunsa ngati nkhuku zathu zimasala kudya pa Sabata. Anati ayi. Ndinati nanenso sindikukalima, ndikukadyetsa ziweto za agogo aakazi. Pamenepo anati pakamwa panga ndatengera a Nabanda, n'kukaponya kajumboko pamphasa panga. Masabata awiri amenewo ndidya nkhwani ndi bonongwe, sindifa.

Ndiye mawa ndidzuka tambala woyamba akangolira. Ndiwiritsa usipa wonsewo mumphika waukulu, ndisefa, ndithira shuga, ndidzaza mabotolo. Yankho ndi Esinati avomera kutenga mizere isanu aliyense, yotsalayo ndi yanga, phesi ndi phesi, osadumpha ngakhale limodzi. Ndikudziwa kuti belu lachiwiri lidzalira tikadali kumunsi, ndipo ndikalowa m'tchalitchi mochedwa manja akununkha nsomba, poti fungo la usipa silimva sopo. Sindikabisala kumbuyo. Ndikakhala pa benchi la kutsogolo, moyang'anana ndi mpando wa akulu a mpingo, kuti a malume amve ndi mphuno yawo kumene ndachokera.